Momwe mungagwiritsire ntchito tag ya Bluetooth kuti foni isasololedwe mwakachetechete

Pa depoti ya Mzuzu, anthu akamakankhana polimbirana mpando mu minibasi ya ku Karonga, foni imatha kusololedwa mwini wake n'kudzazindikira ali pa Ekwendeni. Tag ndi kachipangizo kakang'ono ngati ndalama yachitsulo komwe kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndipo ziwirizi zikatalikirana kamalira.

Pogula, funsani chinthu chimodzi: kodi tagyo imalira yokha ikasiyana ndi foni? Si zonse zimatero. AirTag ya Apple, mwachitsanzo, ntchito yake ndi kukuthandizani kupeza makiyi kapena chikwama, ndipo uthenga wake umapita ku iPhone, yomwe pa nthawiyo ili kale m'manja mwa wakuba. Tag yomwe mukufuna kugula muiyese musanapereke ndalama. Ma tag ambiri amayendera batire laling'ono lozungulira la CR2032, choncho guliranitu lina lapadera.

Mukafika kunyumba, ikani app yomwe yalembedwa pa paketi, yatsani Bluetooth, lumikizani ziwirizo n'kuyatsa alamu. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mafoni a Android, kuphatikizapo Tecno ndi itel omwe ali ponseponse kuno, amazimitsa ma app omwe simukuwagwiritsa ntchito pofuna kusunga moto. Lowani mu Settings, pa Battery, muilole app imeneyi kugwira ntchito nthawi zonse. Mukapanda kutero, tag idzakhala chokongoletsera makiyi basi.

Tag muimangirire pa lamba kapena pa makiyi a m'thumba lina. Amayi, musaiike m'chikwama chimodzi ndi foni, chifukwa wolanda chikwama atenga zonse ziwiri ndipo palibe chidzalire. Kenaka siyani foni pakhonde, muyende mpaka alamu imveke. Bluetooth imafika pafupifupi mamita 10 pamtetete, koma makoma ndi chigulu cha anthu ngati cha ku msika wa Zigwagwa zimachepetsa mtundawo, ndiye nthawi zina idzalira popanda wakuba. Zimatopetsa, komabe musaizimitse.

Tag imangokuwa, siitseka foni, pomwe chimene wakuba akufuna kwenikweni ndi Airtel Money kapena Mpamba yanu. Ikani PIN ya manambala 6 yokiyira foni, ndipo sikirini izizima pakatha masekondi 30. Ngati muli ndi wotchi ya Bluetooth, Extend Unlock ya mu Settings ya mafoni a Android (kale inkatchedwa Smart Lock) imasiya foni yosakiya wotchiyo ikakhala pafupi, n'kufuna PIN ikatalikira. Koma chenjerani: foni yolandidwa sikirini ikuyaka siikiyika pompopompo. Pa vuto limeneli Google inatulutsa Theft Detection Lock mu 2024, ya mafoni a Android 10 kupita m'mwamba, yomwe imakiya sikirini ikamva kuti wina watsomphola foni n'kuthamanga nayo. Muipeza mu Settings, pa Google, pa Theft protection. Pomwepo yatsaninso Remote Lock, kuti muthe kukiya foniyo pa android.com/lock ndi nambala yanu, mutabwereka foni ya mnzanu.

SIM khadi nayo muiike PIN yake, poti wakuba amatha kungoichotsa n'kuilowetsa mu foni ina. Imbaninso *#06#, mulembe papepala nambala ya IMEI ya manambala 15, yomwe imazindikiritsa foni yanu.

Alamu ikalira pagulu, kuwani kuti anthu amve, koma musathamangitse munthu nokha, makamaka usiku. Kiyani foniyo, uzani Airtel kapena TNM atseke nambala yanu, kenaka pitani ku polisi ndi IMEI ija.