Kuphika M'khitchini Imodzi ndi Mnzanu Amene Sadya Gluten

Munthu amene mukukhala naye nyumba imodzi akakuuzani kuti sadya gluten, choyamba mufunseni chifukwa chake, pakuti yankho lakelo ndi limene lingakuuzeni kuchuluka kwa chisamaliro chofunika. Gluten ndi puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rye (mbewu yofanana ndi tirigu). Ena amamupewa chifukwa amawatupitsa mimba, pomwe ena ali ndi matenda otchedwa coeliac, amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Kwa munthu wotereyu, gluten akalowa m'mimba chitetezo cha m'thupi chimayamba kuwononga m'kati mwa matumbo aang'ono, moti thupi limalephera kuyamwa chakudya mokwanira, ndipo mapeto ake amakhala kutsekula m'mimba, kufooka ndi kuchepa magazi. Ena samva ululu uliwonse pamene matumbo akuwonongeka, choncho musaganize kuti poti dzulo mnzanu sanadandaule ndiye kuti zonse zinali bwino.

Ine ndimaona kuti njira yopepuka ndi kuphika mphika umodzi woti nonse mudye, m'malo movutika ndi zakudya ziwiri usiku uliwonse. Mpunga, chimanga, mapira, mawere, mbatata, chinangwa, nyemba, nyama, nsomba, mazira, mkaka, masamba ndi zipatso zilibe gluten mwachibadwa. Vuto limalowera m'zokometsera ndi m'zogula kale zopakira. Soya sosi wambiri amapangidwa ndi tirigu, malt (chimera chokometsera zakudya ndi zakumwa) amachokera ku balere, ndipo soseji, timakyubu tokometsera msuzi ndi zokometsera zosakanizasakaniza nthawi zina zimakhala ndi ufa wa tirigu. Zoloŵerani kuwerenga zolembedwa pa paketi nthawi iliyonse mukamagula, chifukwa opanga amasintha zosakaniza. M'mayiko ambiri, chakudya chimalembedwa kuti "gluten-free", kutanthauza kuti chopanda gluten, ngati gluten wake saposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Oats (mbewu yophikira phala) nawonso mugule olembedwa mawu amenewa okha, popeza amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kuchigayo.

Ngati munazolowera kulimbitsa msuzi ndi ufa wa tirigu, gwiritsani ntchito cornflour, ufa wosalala kwambiri wa sitachi ya chimanga. Msungunuleni kaye m'madzi ozizira pang'ono, kenako muthire mumphika uku mukutakasa mpaka msuziwo uwire, apo ayi amachita mibulu.

Pofunika kukhalirapo kwambiri ndi pa nyenyeswa, chifukwa apa m'pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa osadziwa. Taganizirani mpeni umene mwapakira batala pa buledi wanu, kenako mwaubwezeranso m'kabigiri ka batalayo. Tinyenyeswa totsalira pamenepo n'tokwanira kumudwalitsa mnzanu. N'chifukwa chake ayenera kukhala ndi batala, jamu ndi zina zopaka zakezake, zolembedwa dzina pachivindikiro. Tosita, makina owotchera buledi, musabwerekane. Mthiko, supuni zamtengo ndi thabwa lodulirapo zimasunga ufa m'ming'alu mwake, ndipo sefa yokhetsera pasita (monga makaroni ndi supageti) imavuta kutsuka mpaka timabowo tonse titayera, motero ndi bwino kugula zina za iye yekha, makamaka za mtundu wosiyana kuti mlendo asasokoneze. Mapoto, mbale ndi ziwiya zina zachitsulo kapena zagalasi mungagwiritsire ntchito limodzi malinga mwazitsuka bwino ndi sopo ndi madzi otentha.

Dziwaninso kuti moto suchotsa gluten. Mafuta amene mwakazingira nyama yokutidwa ndi ufa wa tirigu sayenera kukazingiranso chakudya cha mnzanuyo, ngakhale atatentha chotani, ndipo madzi ophikira pasita wamba asaphikirenso pasita wake. Tsiku limene mwafuna kuphika zosiyana, yambani ndi chake pa tebulo lopukuta bwino ndiponso ndi manja osamba, muchivindikire n'kuchiika pambali, kenako muyambe chanu.

M'kabati ndi m'firiji zinthu zake zikhale pashelefu yapamwamba m'zotengera zotseka, kuti nyenyeswa za buledi wanu zikamagwa zisagwere m'chakudya chake. Ufa wa tirigu umauluka ukamasefedwa ndipo umakatera pa ziwiya zapatali, choncho mukafuna kuphika keke kapena buledi, muuzeni mnzanu pasadakhale, muchotse ziwiya zake pafupi, ndipo mukamaliza mupukute malo onse ndi nsalu yonyowa yochapa.