Momwe mungapangire pedal ya overdrive panyumba ndi kuisintha kuti ilire mokomera khutu lanu

Oimba gitala lamagetsi ambiri, kaya kutchalitchi kapena m'mabandi, amafuna kuti gitala lizilira mokhuthala ndi mosasa pang'ono, koma popanda kukweza ampu mpaka kugonthetsa anthu m'makutu. Kachipangizo kamene kamachita zimenezi kamatchedwa overdrive, ndipo ngakhale kuti kogula kusitolo kamakwera mtengo, mkati mwake muli tizipangizo tochepa timene munthu wodekha angalumikize yekha patebulo. Kapangidwe kamene tifotokoze pano kakutsatira Tube Screamer TS808, pedal (kachipangizo koponda ndi phazi) imene kampani ya Ibanez inayamba kugulitsa mu 1979, yokonzedwa ndi Susumu Tamura wa kampani ya Maxon ku Japan. Tachotsamo zigawo za ma transistor zimene zili polowera ndi potulukira mawu kuti ntchito ichepe, koma gawo limene limaumba kaliridwe talisiya momwe linalili.

Musanagule chilichonse, mvetsani chimene chimachitika mkatimo. IC (kachipangizo kakang'ono ka miyendo yambiri) yotchedwa 4558 imakuza mawu ochokera ku gitala, ndipo ma diode awiri oyang'ana mbali zosiyana amadula nsonga za mafunde a mawuwo akangopitirira pafupifupi 0.6V. Kudulako ndi kumene khutu limamva ngati kusasa. Choncho kaliridwe ka pedal imeneyi kamadalira kwambiri ma diode pamodzi ndi capacitor imodzi yokha, ndipo n'chifukwa chake malangizo anga aakulu ndi akuti muipange m'njira yoti tizipangizo timeneti tizizulika mosavuta.

Mufunika IC ya 4558 ndi socket yake (polowetsapo IC) ya miyendo 8, socket ina yoti mudzadule, ma diode awiri a 1N4148, diode imodzi ya 1N5817, ndi ma pot (ma resistor osinthika pozunguliza kachitsulo) atatu: 500k ya Drive, 20k ya Tone ndi 100k ya Level. Ma resistor ake ndi 220 ohm, awiri a 1k a gawo la Tone ndi wina wa 1k wa potulukira, awiri a 4.7k, atatu a 10k, 51k, 470k ndi 1M. Ma capacitor ndi 51pF, awiri a 0.047uF, awiri a 0.22uF, 1uF, 47uF ndi 100uF. Onjezani bolodi la Veroboard (la timabowo ndi mizere ya mkuwa), ma jack awiri a 6.35mm, polowetsera magetsi pa 2.1mm, switchi yoponda ya 3PDT, LED imodzi, ndi kabokosi kachitsulo ka msinkhu wa Hammond 1590B. IC ya 4558 imapezeka kawirikawiri m'mawailesi ndi m'ma DVD player akufa, kotero okonza mawailesi kumsika angakuthandizeni. Switchi ya 3PDT ndi pot ya 20k ndi zimene mwina mungafunike kuitanitsa. Pa zida zogwirira ntchito, soldering iron, solder, kapulayala kodulira ndi multimeter n'zokwanira.

Yambani ndi gawo la magetsi

Wotchererani socket pabolodi, IC muisiye kaye m'pepala lake. Mukayang'ana socket kamphako kali kumwamba, mwendo 1 umakhala pamwamba kumanzere, ndipo mumawerenga chotsika mpaka 4, kenako n'kudumphira kumanja n'kukwera kuyambira 5 mpaka 8. Magetsi a 9V adutse pa diode ya 1N5817, mbali ya kamzere ikuloza ku mwendo 8, kuti mukalakwitsa adapter pedal isapse. Mwendo 4 upite ku ground, kumene ndi mbali ya negative ya magetsi, ndipo capacitor ya 100uF ikhale pakati pa mwendo 8 ndi ground. Kenako lumikizani ma resistor awiri a 10k motsatizana kuchokera pa 9V mpaka ku ground. Pamene awiriwa akumana pamakhala 4.5V, ndipo pamenepo ikanipo capacitor ya 47uF yopita ku ground. Ma capacitor aakuluwa ali ndi mbali, ndipo mwendo wa kumzere wa chizindikiro chochotsera ndi umene umapita ku ground.

Lumikizani batire la 9V n'kuyeza ndi multimeter. Mwendo 8 uyenera kusonyeza pang'ono pansi pa 9V, ndipo pokumana ma resistor aja pasonyeze theka lake. Ngati manambala sakugwirizana, musapitirire, chifukwa vuto laling'ono pano limasanduka losapezeka bolodi likadzaza.

Gawo lodula mawu

Waya wochokera ku gitala udutse pa capacitor ya 0.047uF n'kufika ku mwendo 3. Resistor ya 1M ikhale pakati pa wayayo ndi ground capacitor isanafike, kuti switchi isamaphulike m'sipika mukaiponda, ndipo ya 470k ilumikize mwendo 3 ndi malo a 4.5V. Kuchokera ku mwendo 2, ikani resistor ya 4.7k motsatizana ndi capacitor ina ya 0.047uF, n'kukathera pa 4.5V.

Pakati pa mwendo 1 ndi mwendo 2 pamakhala njira zitatu zoyandikana, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Njira yoyamba ndi resistor ya 51k motsatizana ndi pot ya Drive, ndipo pa potyo gwiritsani ntchito mwendo wapakati ndi umodzi wa m'mbali. Yachiwiri ndi capacitor ya 51pF, imene imachepetsa kuswekera kwa mawu apamwamba. Yachitatu ndi ma diode awiri aja, kamzere ka wina kakuloza ku mwendo 1 pomwe ka mnzake kakuloza ku mwendo 2. Ma diode amenewa musawawotcherere pabolodi. Dulani timabowo ta socket ina n'kutiwotcherera m'malo mwake, ndipo chitani chimodzimodzi pa capacitor ya 0.047uF ya ku mwendo 2 ndi pa resistor ya 4.7k, kuti tsiku lofuna kusintha muzingozula ndi zala. Mkuwa wa Veroboard sulimba kutenthedwa mobwerezabwereza, umamatuka, ndipo ma pedal ambiri opangidwa pamanja amawonongeka pa kusinthasintha kotereku.

Pa kawotchereredwe, gundani nsonga ya soldering iron pa mwendo ndi pa mkuwa nthawi imodzi, kenako bweretsani solder, ndipo muchotse pakangopita masekondi awiri kapena atatu. Malo owotcherera bwino amanyezimira ndipo amakwera mwendo mosalala, pomwe olakwika amakhala kampira kotuwa kongokhala pamwamba. Tsegulani zenera, utsi wake si wabwino kuupuma.

Tone, Level ndi kabokosi

Kuchokera ku mwendo 1, resistor ya 1k ipite ku mwendo 5, ndipo pa mwendo 5 pakhale capacitor ya 0.22uF yopita ku ground ndi resistor ya 10k yopita pa 4.5V. Miyendo iwiri ya m'mbali ya pot ya Tone ilumikizidwe ku mwendo 5 ndi mwendo 6, pomwe wapakati udutse pa 220 ohm ndi capacitor ina ya 0.22uF mpaka ku ground. Resistor ya 1k ilumikize mwendo 6 ndi 7. Mawu amatulukira pa mwendo 7, n'kudutsa pa capacitor ya 1uF ndi resistor ya 1k, kukafika ku mwendo wa m'mbali wa pot ya Level. Mwendo wina wa m'mbali upite ku ground, ndipo wapakati ndiwo wopita ku ampu.

Tsopano lowetsani IC, kamphako kake kakugwirizana ndi ka socket, n'kuyezanso. Miyendo 1, 2, 5, 6 ndi 7 isonyeze pafupifupi 4.5V. Mwendo 3 ungasonyeze nambala yotsikirapo chifukwa multimeter yeniyeniyo imakoka magetsi kudzera mu 470k, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Imbani gitala bolodi lili pamtunda, musanaliike m'kabokosi. Likalira bwino, boolani kabokosi, mangani ma jack ndi ma pot, ndipo lumikizani switchi kuti mizere yake iwiri izisankha pakati pa bolodi ndi njira yolambalala, mzere wachitatu uziyatsa LED kudzera mu resistor ya 4.7k. Mawaya olowa ndi otuluka atalikirane, apo ayi pedal imalira mluzu mukakweza Drive, ndipo kabokosi kagunde ground kuti kasamang'ung'udze. Adapter ikhale ya 9V imene pakati pake ndi negative, monga amachitira ma pedal ambiri a Boss ndi Ibanez, pakuti ma adapter ambiri a zipangizo zina za m'nyumba ndi otembenuza.

Kusintha kaliridwe

Imbani nayo kaye masiku angapo ili momwe ilili, kuti khutu lizolowere poyambira, ndipo mukayamba kusintha musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Yambani ndi ma diode. Mukaika awiri motsatizana mbali imodzi n'kusiya mmodzi mbali inayo, mafunde amadulidwa mosafanana, monga zilili mu Boss SD-1 ya mu 1981, ndipo mawu amamveka okandapo komanso okwerapo. Mukaika ma LED ofiira awiri, amene sadula mpaka magetsi atafika pafupifupi 1.7V, pedal imakwera mawu kwambiri, kusasa kumachepa, ndipo imamvera dzanja lanu: mukakhudza nsambo mofewa imalira moyera, mukaimenya imalusa. Ma diode a germanium ngati 1N34A amadula msanga, pafupifupi pa 0.3V, motero mawu amafewa ndi kutsika. Mukapeza mitundu iwiri imene mwaikonda, kaswitchi kakang'ono kangakuthandizeni kusankha muli pa siteji.

Kenako pitani ku capacitor ya ku mwendo 2. Iyo pamodzi ndi 4.7k imachititsa kuti mawu a pansi pa 720Hz asakuzidwe mofanana ndi apakati, ndipo ichi ndicho chimene ena amadandaula kuti Tube Screamer imadya besi. Mukaika 0.1uF malirewo amatsikira pafupifupi pa 340Hz ndipo gitala limanenepa. Komabe ganizirani kumene mumaimba. Panokha m'chipinda kunenepako kumakoma, koma m'bandi momwe muli kiyibodi ndi gitala la besi, mawu apakati aja ndi amene amachititsa kuti solo yanu imveke mpaka kumbuyo kwa holo, ndipo ine ndingasiye 0.047uF pamalo pake. Amene akufuna kusasa kochuluka asinthe 4.7k kukhala 2.2k pamodzi ndi 0.1uF, chifukwa awiriwa amakuza mawu kuwirikiza kawiri malire n'kukhalabe pafupi ndi 720Hz. Amene akufuna kuti Drive ikatsitsidwa mawu aziyera kwambiri achepetse 51k kufika pa 22k.

IC muisinthe pomalizira. Anthu amatamanda kwambiri JRC4558D ya m'ma pedal akale, ndipo TL072 ndi NE5532 zimalowa mu socket yomweyo popanda kusintha waya uliwonse, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kwa ma diode. Chotsani batire musanazule IC, ndipo muinyamule pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri ndi kasikuludiraiva kakang'ono kuti miyendo isapindike.