Kuphika paulendo wautali wa pansi gasi osatha msanga

Mwafunsa chifukwa chake gasi wa kachitofu kanu amatha ulendo usanafike n'pakati pomwe. Kawirikawiri wakuba wake ndi mphepo.

Yambirani kunyumba. Ikani chitini cha gasi pasikelo, wiritsani lita imodzi ya madzi, kenaka chiyezeninso. Apo mwadziwa magalamu amene mumatha pa kuphika kamodzi, ndiye werengerani masiku onse a ulendo.

Mukafika pogona, khazikani chitofu pamalo osapendekeka kuseri kwa mwala. Tchingani mbali yochokera mphepo yokha, chifukwa mukazinga chitini chonse chimatentha ndipo chingaphulike. Vundikirani poto, moto ukhale wapakatikati. Lawi lonyambita m'mbali mwa poto ndi gasi wongotayika.

Madzi akawira thirani chakudya, zimitsani, kulungani poto m'juzi yaubweya mphindi 10 kapena 15. Chimapsa chokha, inu mukukhoma tenti. Kumapiri onjezerani nthawi, poti pa mamita 3,000 madzi amawira pa madigiri 90 basi.

Kukazizira gonani nacho chitinicho m'thumba lanu logonamo, popeza butane, mtundu wa gasi wa m'zitini zotere, amafooka kuzizira kukayandikira ziro. Koma zophikira mutenti yotseka ayi, mvula ivute bwanji. Mpweya wa carbon monoxide, umene chitofu choyaka chimatulutsa, ulibe fungo, ndipo umapha.