Mmene mungawerengere mawu a matenda pa mapepala akale a kumigodi

Achibale akumudzi akangomva kuti uli ku Joni, amakutumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la agogo amene anabwera kuno pa Wenela, n'kunena kuti tationera, mwina muli kandalama. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Kensington, ndipo Chingerezi chakale cha matenda ndimachimva m'kamwa mwawo, choncho anzanga a kutchalitchi amabwera nawo kwa ine mapepala otere.

Musathamangire makina omasulira a pafoni. Uzani akumudziwo ajambulenso pepalalo panja masana, litatambasulidwa bwino, kenako koperani liwu lililonse chilembo ndi chilembo. Madokotala akale ankalemba molumikiza, ndipo chilembo chimodzi chikakusokonezani mupeza matenda ena.

Mukatero yang'anani chaka ndi malo amene pepalalo linalembedwa, chifukwa tanthauzo lagona pamenepo. Liwu limene mudzakumane nalo kwambiri ndi phthisis. Ambiri potchula amasiya ph wakumayambiriroyo. Likakhala palokha, ndi chifuwa chachikulu, chimene ena ankachitcha consumption poona mmene chimamuondetsera munthu. Koma mukaona miners' phthisis, nkhani yasintha. Amenewo ndi matenda a fumbi la miyala limene limalowa m'mapapo a munthu woboola mwala pansi pa mgodi wa golide, n'kuwaumitsa. Masiku ano amati silicosis, ndipo kawirikawiri ankabwera limodzi ndi TB. Dziko lino la South Africa linali kale ndi lamulo lotchedwa Miners' Phthisis Act mu 1912. Musauze banja kuti agogo anangodwala chifuwa pamene pepala likunena za fumbi, chifukwa pankhani ya chipukuta misozi matenda awiriwa amawerengedwa mosiyana.

Ena ndi osavuta. Dropsy ndi kutupa thupi chifukwa cha madzi, makamaka mtima kapena impso zikafooka. Apoplexy ndi sitiroko, lockjaw ndi kafumbata, falling sickness ndi khunyu. Ague ndi kutentha thupi konjenjemeretsa, nthawi zambiri malungo. Mukaona debility, dokotalayo anangoti munthuyo anafooka, sanatchule nthenda yeniyeni, ndiye musadzivutitse.

Liwu lalitali lidukizeni. Pneumo ndi mapapo, haem ndi magazi, nephr ndi impso, ndipo itis kumapeto ndi kutupa. Mtanthauziramawu waung'ono wa kusukulu sukuthandizani. Pitani ku Johannesburg City Library pa Beyers Naudé Square mukafunse waukulu wa Oxford.

Ngati pepala likunena za mapapo, onani zaka zimene mwiniwake anagwira ntchito. Bungwe la Tshiamiso Trust limalipira anthu amene anadwala silicosis kapena TB ya kuntchito m'migodi ina ya golide, ngati anagwira pakati pa 12 Marichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Kamuzu anaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, choncho agogo ambiri amene anatsika mgodi zaka zomalizira zija ali mkati. Kulembetsa n'kwaulere, wina akakupemphani ndalama ndi wakuba. Sungani nambala ya kumgodi ya agogowo ndi mapepala a Theba, ndipo zoyeza mapapo kafunseni ku Medical Bureau for Occupational Diseases ku Braamfontein.