Kadzalidwe ka stylo pa nthaka yoguga ya asidi

M'madera a mvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, nthaka yofiira nthawi zambiri imakhala ya asidi ndiponso yosowa fosifolasi, moti mbewu zambiri za m'gulu la nyemba zimapinimbira. Stylo, msipu wa ziweto wa m'gulu la nyemba wochokera ku South America ndi Central America, amapirira nthaka yotere, ndipo mizu yake imasiya nayitrojeni m'nthaka. Ndikulimbikitsa mtundu wa CIAT 184, chifukwa umapirira matenda a anthracnose amene amadetsa masamba ndi kuumitsa nthambi.

Limani mundawo n'kuphwanya zibuma zonse, pakuti njere za stylo ndi zazing'ono kwambiri. Makilogalamu 3 amakwana hekitala imodzi. Khungu la njerezi ndi lolimba, choncho ziviikeni kwa mphindi 10 m'madzi otentha madigiri 70, osati owira, kenako muziyanike pamthunzi. Mvula ikakhazikika, fesani m'mizere yotalikirana masentimita 50, ndipo musakwirire kupitirira sentimita imodzi, chifukwa njere yozama siituluka. Laimu siwofunika kwenikweni, ndipo ndalama zochepa zimene muli nazo ndi bwino zigule feteleza wa fosifolasi. Wa yureya musathire, amangonenepetsa udzu.

Alimi ambiri amagwa ulesi m'miyezi iwiri yoyamba, pamene mbande zimakula pang'onopang'ono, munda n'kumaoneka ngati walephera. Nthawi imeneyi ndiyo yofunika khasu. Palirani kawiri kapena katatu, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zisalowemo mpaka stylo ataphimba nthaka.

Podula, siyani chitsa cha masentimita 20 chokhala ndi nthambi ndi masamba angapo. Apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa stylo akakula tsinde lake limauma ngati mtengo ndipo siliphukira kuchokera pansi, kotero chikwakwa chongopala dothi chikhoza kupha munda wonse tsiku limodzi. Moto wolusa nawonso umamuwononga, choncho lambulani m'mbali mwa munda chilimwe chisanafike pachimake.

Ng'ombe sizimukonda kwambiri stylo m'dzinja udzu uli wanthete, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa. Phindu lake limaoneka kuyambira mwezi wa Juni, udzu ukauma iye akadali wobiriwira. Kwa ng'ombe zamkaka za m'khola, sakanizani gawo limodzi la stylo ndi magawo awiri a nsenjere kapena mapesi oduladula, ndipo wotsala muumitse pamthunzi kuti masamba asayoyoke, musunge pamalo osadontha.