Akakuuzani za chotupa cha m'mutu, funsani pamene chakhala

Abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje, wodwala wanu akatumizidwa ku Queens ku Blantyre, sikani n'kuonetsa chotupa chotchedwa meningioma, musatuluke musanafunse adokotala kuti chakhala pati. Chimamera pa kachikopa kokuta ubongo, chimagwira kwambiri amayi, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse si khansa.

Chikakhala pamwamba, pafupi ndi chibade, madokotala amachifikira mosavuta n'kuchichotsa chonse. Komatu zotupa za pamenepa kawirikawiri zimakhala ndi vuto pa jini ya NF2 (majini ndi malangizo achibadwa okhala m'maselo a thupi), ndipo zokula msanga n'kubwereranso zimachuluka kumeneku. Cha pansi pa ubongo nthawi zambiri chimafatsa, majini ake ndi ena monga TRAF7, AKT1 ndi SMO, koma chimakumbatira mitsempha ya maso, ya fungo ndi ya magazi. Adokotala akasiyako kachidutswa, musawaone ngati alephera. Akuteteza maso a m'bale wanu.

Zizindikiro nazo zimatsata malo: kusamva fungo, diso kuchita chidima, mwendo kufooka, kapena khunyu loyamba munthu atakula kale. Chonde musachedwe nazo kunyumba poganiza kuti n'zamatsenga.

Kwa ambiri kusintha kwa majiniku kuli m'chotupa mokha, sikupita kwa ana. Funsani giredi ya chotupacho, kutanthauza kuopsa kwake, 1 (chofatsa), 2 kapena 3 (choopsa kwambiri), sungani zithunzi za sikani pouma, ndipo tsiku lokaonedwanso musalilumphe ngakhale wodwala akuthyola tiyi bwinobwino.