Mmene mungaphunzitsire ana za chiboliboli cha Buddha cha ku Nara

Inu aphunzitsi a kuno ku Dedza, mukafuna kufotokozera ana za chiboliboli chamkuwa cha Buddha chimene chili m'kachisi wa Todai-ji, mumzinda wa Nara ku Japan, musathamangire kulemba zaka pabolodi. Yambani ndi chingwe cha mamita 15. Chiyaleni pabwalo, ana agone motsatizana m'mbali mwake mpaka chithe, ndipo akaona kuti papita ana oposa khumi, muwauze kuti umenewo ndi msinkhu wa chibolibolicho chili chikhalire.

Akadabwa, m'pamene muyenera kunena chifukwa chimene anachipangira. Kuyambira mu 735 mpaka mu 737 nthomba inapulula anthu ku Japan, ndipo mu 743 Mfumu Shomu inalamula kuti chibolibolicho chipangidwe pofuna kuti dziko likhale pamtendere. Mfumuyo inalola kuti ngakhale wosauka aponyepo dzanja, kaya ndi udzu umodzi kaya ndi dothi lodzaza m'manja, ndipo mfundo imeneyi ana athu amaimva msanga chifukwa anaonapo makolo awo akuumba njerwa za sukulu.

Pa kapangidwe kake, dongo ndilo lingakuthandizeni koposa, ndipo kuno silisowa. Ana aumbe kachiboliboli, kakauma akamate dongo lina kunja ngati chikombole, achotse chikombolecho m'zidutswa, apale kachiboliboli kaja pang'ono, kenaka abwezeretse chikombole. Mpata umene watsala pakati ndi momwe amisiri a ku Nara ankathira mkuwa wosungunula, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, m'magawo asanu ndi atatu. Mu 752 wansembe wochokera ku India, Bodhisena, anajambula maso ake pamwambo waukulu, ndipo kwa Abuda apo m'pamene chinasiya kukhala chitsulo wamba.

Musalole ana kuchinyoza. Akumbutseni kuti zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika pamndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006, nafenso sitifuna kuti mlendo aziseke. Za ku Nara zinalowa pamndandanda womwewo mu 1998. Mwana wochenjera akafunsa ngati chibolibolicho chidakali chomwe chija, muuzeni zoona: kachisiyo anapsa pankhondo mu 1180 ndi mu 1567, moti mutu umene ulipo lero unapangidwa pambuyo pa moto wachiwiriwo.